Kuseri kwa sikirini ya pa dashibodi: ntchito ya injiniya wa zipangizo za infotainment

Amene anagulako galimoto yakale yochokera ku Japan amalidziwa vuto la wailesi yake. Mukamasaka siteshoni imakathera pa 90, pomwe mawailesi ambiri a kuno amaulutsira pamwamba pa nambala imeneyo. Sikuti yawonongeka ayi. Kwa zaka zambiri FM ya ku Japan yakhala pakati pa 76 ndi 90 MHz, pomwe Malawi ndi maiko ena ambiri amagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108. N'chifukwa chake amakanika a zamagetsi amalumikiza kabokosi kakang'ono pa waya wa eriyo kuti katsitse mafunde athuwa mpaka pomwe wailesiyo ingawamve. Zaka zingapo galimotoyo isanatuluke m'fakitale, munthu wina anasankha zigawo za wailesiyo molingana ndi msika wa ku Japan, ndipo chisankho chakecho chinaitsatira mpaka pa Songwe. Munthu ameneyo ndi injiniya wa zipangizo za infotainment, kutanthauza bokosi la wailesi ndi sikirini lomwe limakhala pa dashibodi.

Bokosi la pa dashibodi lija, lomwe a ntchitoyi amalitchula kuti head unit, linasiya kalekale kukhala wailesi chabe. Lero limanyamula sikirini, mapu, Bluetooth, Wi-Fi, USB, kamera ya kumbuyo, Apple CarPlay yomwe inabwera mu 2014, Android Auto ya mu 2015, ndipo m'magalimoto ena ngakhale mpweya wozizira umayatsidwira pomwepo. Kawirikawiri Toyota kapena Volkswagen sapanga okha bokosili. Amalemba zomwe akufuna, nthawi zina masamba mazanamazana, n'kupereka ntchitoyo kwa makampani ngati Bosch, Panasonic, Alps Alpine, Denso Ten, Visteon, LG, Desay SV ya ku China, kapena Harman, yomwe Samsung inaigula mu 2017 pa mtengo wa madola pafupifupi 8 biliyoni. Makampani amenewa nawonso amagula ma-chip kwa Qualcomm, NXP, Renesas, Texas Instruments ndi ena. Mainjiniya ambiri a zipangizozi ali pakati pamenepa, pa kampani yomwe dzina lake woyendetsa galimoto salionako n'komwe.

Mukalitsegula bokosilo mupeza zofanana ndi za m'foni: chip chachikulu choyendetsa zonse, memori, zigawo za mawailesi osiyanasiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti foni imakhala m'thumba zaka zitatu kapena zinayi n'kusinthidwa, pomwe bokosi la m'galimoto liyenera kupirira zaka 10 kapena 15 padzuwa, m'mabampu, likudya magetsi osakhazikika. Ntchito yonse ya injiniyayu yagona pamenepa. Wachinyamata amene akopeka ndi kukongola kwa sikirini adzadabwa kupeza kuti miyezi yambiri akulimbana ndi zinthu zosaoneka ndi maso.

Choyamba ndi magetsi. Timangoti batire la galimoto ndi la mavolti 12, koma nambalayi sikhalitsa. Injini ikamalira alternator imawakweza kufika cha m'ma 14. Pamene mukuliza galimoto, sitata imakoka mphamvu zochuluka moti magetsi amagwa kufika pa 6, ndipo kumaiko ozizira amayesa mpaka cha m'ma 3. M'magalimoto omwe amazimitsa okha injini pa maloboti, kugwa kumeneku kumachitika kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo palibe dalaivala angalole kuti nyimbo ndi mapu ziziyambiranso pa mphambano iliyonse. Choncho injiniya amaika dera lokweza magetsi kuti chip chachikulu chisamve n'komwe kuti kunja kwachitika kanthu.

Kukwera kwa magetsi ndiye koopsa kwambiri. Teminolo ya batire ikachoka alternator ili mkati mochaja, magetsi amatha kulumpha kufika pafupi ndi mavolti 100 kwa kachigawo ka sekondi. Ma-alternator amakono amawaletsa cha m'ma 35, komabe zimenezo n'zochuluka kwa chip chomwe mkati mwake chimagwira ntchito ndi volti imodzi kapena kucheperapo. Amakanika ena amakondabe kuchotsa teminolo injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikuchaja. Njira imeneyi inkapita bwino pa magalimoto akale opanda makompyuta, koma pa galimoto ya lero ndi kuseweretsa ndalama za mwini wake. Palinso wina wolumikiza batire chagada, ndi wina wotenga magetsi a mavolti 24 ku lole kuti alize kagalimoto kake. Zonsezi zinalembedwa m'miyezo ya ISO 16750-2 ndi ISO 7637-2, ndipo bokosi limayesedwa pa chilichonse: kulumikizidwa mobwerera kwa mphindi yathunthu, kulandira magetsi owirikiza, kumenyedwa ndi magetsi olumpha mobwerezabwereza.

Galimoto ikazimitsidwa nkhani siithera pomwepo. Bokosi liyenera kugona tulo tofa nato koma khutu lili tcheru, kuti chitseko chikangotsegulidwa lidzuke. Makampani ambiri amafuna kuti likagona lisakoke zoposa pafupifupi 0.1 mA. Kachigawo kamodzi koiwalika kali koyaka kangathe kumaliza batire la galimoto yoimikidwa milungu ingapo, ndipo kusaka kachigawo koteroko kumadya masiku.

Kutentha n'kosavuta kukumvetsa kwa amene anasiyako galimoto padzuwa la Okutobala ku Chikwawa. Muyezo wofala wa zipangizo za m'kati mwa galimoto ndi kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro mpaka 85 pamwamba. Ma-chip oyenera m'galimoto amadutsa mayeso a AEC-Q100, omwe amawagawa m'magulu: lina lopirira mpaka 85, lina 105, lina 125, lina 150. Chomwe chimapha kwenikweni mabodi, timatabwa tomwe ma-chip amawotchereredwapo, ndi kusinthasintha. Masana zinthu zimafufuma, usiku zimanyala, ndipo chip ndi bodi sizifufuma mofanana. Pakapita zaka, timipira ta mtovu tomwe tili pansi pa chip timayamba ming'alu, sikirini n'kuyamba kuzima yokha ikadutsa pa bampu. Pofuna kuona zimenezi msanga, mabokosi amaikidwa m'makabati omwe amawatenthetsa ndi kuwaziziritsa maulendo mazana ambiri, ena n'kumangiriridwa pa tebulo logwedeza kwa maola ochuluka.

Koma mbali yomwe imasiyanitsa injiniya wozama ndi wongoyamba ndi phokoso la magetsi, lomwe pa ntchito amangoti EMC. M'bokosi limodzimodzilo muli chip chothamanga kwambiri, memori yotumiza uthenga maulendo mabiliyoni pa sekondi, ndi madera otsitsa magetsi omwe amayatsa ndi kuzimitsa mosalekeza. Chilichonse mwa izi chimataya mafunde. Pafupi pomwepo pali wailesi ya AM ndi FM, komanso GPS yomwe ikumvetsera kamawu kochokera ku masetilaiti omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000. Zili ngati kufuna kumva munthu wonong'ona uli m'chigayo chomwe ukuyendetsa wekha.

Taonani chitsanzo chimodzi. Wailesi ya AM imamvera pakati pa 530 ndi 1,700 kHz. Dera lotsitsa magetsi likamagunda pa 1,000 kHz, ndiye kuti lakhala pakati penipeni pa mawailesiwo, ndipo womvera adzamva kulira kwa mluzu. Choncho mainjiniya amasankha kugunda cha m'ma 400 kHz, pansi pa AM, kapena kupitirira 2,000 kHz, pamwamba pake. Akasankha pansi, zigawo zimakula ndipo malo amachepa, komanso mafunde owirikiza a 400 amagwerabe mu AM. Akasankha pamwamba, zigawo zimachepa koma dera limatentha. Palibe yankho laulere. Ntchito yambiri ya injiniya wa zipangizo ndi yotere: kusankha vuto lomwe ungathe kukhala nalo.

Mayeso ake amachitikira m'chipinda chokutidwa ndi zitsulo, makoma ake omata zomeza mafunde, momwe foni siigwira netiweki. Bokosi limaikidwa pa tebulo, mawaya ake atayalidwa motsatira muyezo wa CISPR 25, eriyo yoyezera ili pa mtunda wa mita imodzi. Pa kompyuta pamaoneka mzere wa malire, ndi mzere wina wokwera n'kutsika wosonyeza phokoso la bokosilo. Nsonga imodzi ikangodutsa malire, mwalephera. Apa injiniya amayamba kusaka: amata tepi ya kopa pa mpata wa chivundikiro, avala kamphete ka ferrite pa waya, asintha capacitor imodzi (kachigawo kosunga magetsi pang'ono), atseka chitseko cholemera chija, ayesanso. Nthawi zina gwero limapezeka kuti ndi kanjira kamodzi ka pa bodi komwe kanadutsa pamalo olakwika, ndiye kuti bodi ijambulidwenso, milungu ingapo yapita. Pali mayeso enanso otembenuza nkhani, pomwe bokosi limathiridwa mafunde amphamvu kuti aone ngati lisokonezeke, ndi ena omwe amaliwombera magetsi a mavolti masauzande angapo pa USB ndi pa mabatani, kutsanzira kuthetheka kochokera m'chala cha munthu.

Nkhani ya Tesla imasonyeza bwino momwe kachigawo kotsika mtengo kamagwetsera kampani yaikulu m'mavuto. Model S inatuluka mu 2012 ndi sikirini ya mainchesi 17, yomwe inadabwitsa anthu. Kuseri kwake kunali memori ya eMMC ya 8 GB. Memori yamtunduwu ili ndi malire a maulendo omwe ingalembedwe ndi kufufutidwa, pafupifupi 3,000 pa kachipinda kalikonse, ndipo mapulogalamu a galimotoyo ankalembamo kosalekeza. Patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, masikirini anayamba kufa. Pomwe sikirini inafera, panaferanso kamera ya kumbuyo, njira yoyatsira chochotsa nthunzi pa galasi, ndi kulira kwa ma-indicator. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, linaumirira kuti limeneli ndi vuto la chitetezo, ndipo mu February 2021 Tesla inaitanitsa magalimoto pafupifupi 135,000 a Model S ndi Model X kuti akaikidwe memori ya 64 GB. Wina anganene kuti cholakwa chinali cha olemba mapulogalamu, wina n'kuti cha osankha memori. Ine ndimaona kuti funso loti "kodi mudzalemba kangati patsiku, kwa zaka zingati" ndi la injiniya wa zipangizo, ndipo ayenera kulifunsa mpaka atayankhidwa ndi nambala.

Kamera ya kumbuyo ija ili ndi lamulo lake. Ku America, kuyambira May 2018, galimoto yatsopano iliyonse yaing'ono iyenera kukhala nayo, ndipo chithunzi chioneke pasanathe masekondi awiri mutalowetsa giya ya rivesi. Foni ya Android imatenga nthawi yaitali kuposa apo kuti iyake, ndipo pulogalamu yaikulu ya m'bokosili nayonso imachedwa chimodzimodzi. Ndiye opanga amakonza njira yachidule yoti chithunzi cha kamera chifike pa sikirini pulogalamu yaikulu isanadzuke, kapena amadzutsa bokosi mwakachetechete dalaivala akangotsegula chitseko. Pambali pa chip chachikulu pamakhalanso kachip kena kakang'ono komwe kamayaka msanga, kamayang'anira magetsi, ndi kulankhula ndi galimoto yonse kudzera pa mawaya awiri a CAN, njira yomwe Bosch inaionetsa koyamba mu 1986.

Kachip kameneka ndi komwe kanali mlatho mu 2015, pomwe akatswiri awiri a chitetezo cha makompyuta, Charlie Miller ndi Chris Valasek, analowa mu Jeep Cherokee ali kutali kudzera pa netiweki ya mafoni. Analowera pa head unit, nasintha pulogalamu ya kachipko, n'kuyamba kutumiza malamulo ku zigawo zina za galimoto. Fiat Chrysler inaitanitsa magalimoto 1.4 miliyoni. Kuchokera nthawi imeneyo, kutseka zitseko zoterezi kunalowa m'ntchito ya wojambula bodi: chip chizikana pulogalamu yosasainidwa, makiyi achinsinsi azisungidwa pobisika, ndipo malo olumikizirapo poyesa azitsekedwa bokosi lisanachoke m'fakitale.

Nanga tsiku la injiniyayu limayenda bwanji? Ntchito imodzi imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuchokera pomwe kampani yapambana tenda kufika pomwe fakitale yayamba kupanga. Poyamba ndi kuwerenga zofuna za kasitomala ndi kusankha zigawo. Kenako kujambula dera lonse, tsamba ndi tsamba, ndi kuwerengera ngati lidzagwirabe ntchito chigawo chilichonse chikapendekera kumapeto kwa malire ake. Akatero amakhala limodzi ndi woyala bodi, yomwe imatha kukhala ndi magawo 8, 10 kapena 12 osanjikizana, ndipo tinjira topita ku memori tiyenera kufanana kutalika mpaka kachigawo ka milimita.

Tsiku lomwe mabodi oyamba afika ndi lomwe ambiri amalikumbukira. Sumangolumikiza batire. Umayamba ndi mita, kuyeza njira iliyonse ya magetsi ngati sinagundane ndi njira ya negativu (ground). Kenako umalumikiza gwero la magetsi lomwe walichepetsera mphamvu, diso lili pa nambala, chala chili pa batani, mphuno ikununkhiza. Ukaona kuti palibe chotentha, umatenga oscilloscope, makina oonetsa pa sikirini momwe magetsi akusinthira, kuona ngati magetsi akuyaka motsatana monga chip chimafunira, chifukwa ena ayenera kutsogola ena kutsatira. Zonse zikakhala bwino umayang'ana pa kompyuta kudikira zilembo zoyamba zomwe chip chimatumiza chikadzuka. Zikapanda kubwera, usiku umenewo ndi wautali.

Mabokosi amapangidwa m'magulu omwe ku Ulaya amawatchula A, B ndi C, gulu lililonse likuyandikira chenichenicho, ndipo lililonse limadutsa m'mayeso. Pambali pa zonsezi pali mapepala, ndipo ndi ambiri kuposa momwe wophunzira amaganizira: FMEA yolemba njira iliyonse yomwe chinthu chingawonongekere, malipoti a mayeso, ndi zofuna za muyezo wa chitetezo wa ISO 26262 pamene sikirini ikuonetsa zinthu zokhudza moyo. Bokosi likabwezedwa ndi kasitomala patapita zaka, kampani imalemba lipoti la 8D lofotokoza gwero lenileni la vuto, ndipo "sitinapeze cholakwika" si yankho lomwe wopanga galimoto amalilandira mosavuta. Amene amadana ndi kulemba, ntchito iyi imutopetsa.

Palinso ndalama. Chigawo chokwera ndi masenti 10 okha, pa mabokosi 1 miliyoni, ndi madola 100,000. Choncho injiniya amakangana ndi a zogula pa capacitor imodzi, iye akuti ikhalepo poteteza phokoso, iwo akuti ichoke. Mu 2021 mkangano unasanduka wina. Ma-chip anasowa padziko lonse, chisanu choopsa cha mu February chinaimitsa mafakitale a NXP, Infineon ndi Samsung ku Austin m'chigawo cha Texas, ndipo mu March moto unabuka pa fakitale ya Renesas ku Naka, ku Japan. BMW inagulitsa magalimoto ena opanda sikirini yogwira ndi chala, Peugeot inabwezera mita ya singano pa 308. Mainjiniya ambiri anatha chaka chimenecho akujambulanso mabodi akale kuti alandire chip china chomwe chinalipo pamsika, n'kubwerezanso mayeso.

Wofuna kulowa ntchitoyi amafunika digiri ya uinjiniya wa zamagetsi kapena wa electronics. Kuno kwathu MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, imaphunzitsa maphunziro otere. Koma kunena mosabisa, ntchito yojambula ma-head unit kulibe ku Malawi, ndipo ngakhale ku South Africa, komwe kuli mafakitale a Toyota ku Durban, Volkswagen ku Kariega, Mercedes-Benz ku East London ndi BMW ku Rosslyn, ntchito yaikulu ndi yolumikiza magalimoto. Zojambula zimachitikira ku Germany, Japan, South Korea, China, ku Michigan m'dziko la America, ndi m'malo omwe makampaniwa anatsegulako maofesi a mainjiniya monga Bengaluru ndi Pune ku India kapena Timișoara ku Romania. Njira yodziwika kwa wochokera kutali ndi digiri yachiwiri m'dziko lomwe muli makampaniwa, chifukwa ophunzira amaloledwa kukagwirako ntchito ali pasukulu, ndipo ambiri amalembedwa kuchokera pamenepo. Chingerezi chimakwanira m'maofesi ambiri, koma Chijeremani kapena Chijapani chimatsegula zitseko zina.

Pa mayeso olowera ntchito sakufunsani dzina la chip chatsopano. Amakujambulirani dera lotsitsa magetsi n'kufunsa kuti magetsi akuzungulira pati, capacitor muika pati ndipo chifukwa chiyani, transistor iyi itentha madigiri angati. Zimenezi munthu angaziphunzire ali ku Ndirande. KiCad yojambulira mabodi ndi yaulere, LTspice yoyesera madera pa kompyuta ndi yaulerenso, ndipo opanga ma-chip amaika pa intaneti mabuku ofotokoza zigawo zawo. Kabodi kamodzi komwe mwajambula nokha, mwakatumiza kukapangidwa, mwakawotcherera, kakana kuyaka, mwapeza chifukwa chake, kamalemera kuposa satifiketi zingapo za pa intaneti. Galimoto iliyonse yamakono ilinso ndi soketi ya OBD, yolumikizirapo makina oyezera galimoto, pansi pa chiwongolero. Pa mapini 6 ndi 14 ndi pomwe pamadutsa CAN, ndipo mutachotsa batire n'kuyeza pakati pawo, pa magalimoto ambiri mupeza ma-ohm pafupifupi 60, chifukwa kumapeto onse awiri a mawayawo kuli resistor ya 120. Amene wamvetsa chifukwa chake ma-resistor amenewo alipo wayamba kale phunziro la momwe uthenga wothamanga umayendera pa waya.

Ntchitoyi ikusintha. Magalimoto atsopano akuphatikiza mita ya liwiro, sikirini yapakati ndi zina pa kompyuta imodzi yamphamvu, kawirikawiri ya chip cha Qualcomm monga SA8155P kapena SA8295P, masikirini n'kulumikizidwa ndi mawaya othamanga kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti mabodi akuchepa chiwerengero koma akuvuta, akutentha kwambiri, ndipo malamulo a chitetezo omwe kale ankakhudza mita yokha tsopano akukhudza bokosi lonse. Komanso kuika chilichonse pa sikirini kwafika potopetsa: bungwe la Euro NCAP linalengeza kuti kuyambira 2026, popereka nyenyezi zake, liziyang'ana ngati ma-indicator, ma-hazard, hutala, mawaipa ndi batani loitanira chithandizo zili ndi pogwira penipeni. Pa mapulogalamu pali anthu ambiri kuposa pa zipangizo, ndipo malo a ojambula mabodi ndi ochepa, koma odziwadi magetsi, kutentha ndi EMC sapezeka wambawamba.

Ongoyamba kumene sapatsidwa chip chachikulu. Ambiri amalowera ku labu yoyesera, kumene amatha chaka kapena ziwiri akuyendetsa mayeso a magetsi olumpha, akulowa ndi kutuluka m'chipinda cha EMC, akutsegula mabokosi obwezedwa. Ena amakuona ngati kuchedwetsedwa, koma kumeneko ndi komwe munthu amaona mabodi a anzake akufa ndi kudziwa chomwe chawapha. Pambuyo pake amamupatsa kagawo kake koyamba kuti ajambule, mwina ka USB kapena ka masipika, ndipo wamkulu wake amakawerenga mzere ndi mzere asanasaine.